Manja Anga a M'mawa

Lachiwiri, 4 Juni, masana

Andigoneka. Ndinabwera ndi bondo lakumanzere lotupa, thupi likutentha, ndikuganiza kuti andipatsa mapiritsi ndibwerere ku saluni, pakuti kasitomala wina ndinamusiya mutu theka woluka theka womasula. Dokotala atagwira bondolo anangoti, "Mayi, lero simupita kunyumba." Ndinati kuli anthu akundidikira. Anati adikire.

Ndili mu wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi sinki. Mng'ono wanga wandigulira kope ili kuti ndizilemba zimene madokotala akunena, akuti ine ndimangomva zimene ndikufuna kumva. Cholembera ndachikulunga kansalu kuti chinenepe, zala zichigwire bwino.

Apopa madzi m'bondo ndi jakisoni wamkulu, madzi achikasu, atumiza kukayeza. Atenganso magazi. Andiika dripi ya mankhwala opha tizilombo, poopa kuti mwina m'bondomo mwalowa matenda.

Pa bedi la kumanja kwanga pali mayi wachikulire amene anathyoka fupa la m'chiuno. Anaphunzitsa ana moyo wawo wonse, ndipo wodi yonse imawatchula kuti Aphunzitsi. Mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Khalani mowongoka, mudzapindika msana." Tsitsi lawo ndi loyera, lambiri, labwino, koma kumbuyo lapiringizana chifukwa chogona chagada. Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndiye mutu wotero kuuyang'ana kukundipweteka kuposa bondo.

Lachitatu, 5 Juni, masana

Muno kumacha msanga. Anesi amabwera kudzayeza kutentha kwa thupi, kenako okolopa, kenako tiyi ndi buledi, ndiyeno madokotala amadutsa bedi ndi bedi, wamkulu patsogolo, ana ake ophunzira udokotala pambuyo ndi mafayilo.

Mng'ono wanga wafika madokotala asanalowe, ndi fulasiki ya madzi otentha ndi beseni, monga ndinamuuzira. Nkhani yake ndi iyi. Ndikadzuka m'mawa manja amakhala ngati si anga. Zala zimauma gwa, sizipinda, batani sindingamange, supuni imandipulumuka. Ndiye ndimaviika manja m'madzi otentha, ndikufinya kansalu pang'onopang'ono mpaka atamasuka. Oluka tsitsi tonse timatero, ndipo amene anandiphunzitsa ntchito ndiwo anandiphunzitsanso zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti anzanga amaviika kanthawi kochepa n'kuyamba ntchito, pamene ine chiyambire chaka chino madzi amazizira, ndithiremo ena, azizirenso, zala zikadali zokana.

Tinakoka katani. Nditamaliza ndinadzola mafuta, kumanga mpango, n'kukhala tsonga. Munthu ngakhale udwale bwanji, sungalandire alendo uli ngati nkhuku yonyowa.

Dokotala wamkulu anagwira bondo, anawerenga fayilo, anafunsa kuti, "Kwina kumene kukupweteka?"

"Bondo basi," ndinatero. Manja anali pansi pa bulangete.

Sindinaname kwenikweni. Nthawi imeneyo anali atamasuka kale. Komanso manja a ntchito amapweteka, aliyense akudziwa. Ndabwera kudzachiza bondo.

Lachinayi, 6 Juni, masana

Zotsatira: m'madzi a m'bondo sanapezemo tizilombo mpaka pano, koma akuti dripi ipitirire kaye. Magazi ndi ochepa. Chinanso chimene amayeza m'magazi, chosonyeza kuti penapake m'thupi pali kutupa, chakwera kwambiri. Dokotala wamkulu anakanda m'mutu, anati bondo limodzi lokha silikukwanira kufotokoza zonsezi. Anafunsa ngati ndinagwa. Sindinagwe.

Masana kunabwera Madamu, eni ake a saluni, ndi malalanje. Anandipepesa bwino, ndiwayamike. Kenako anati mpando wanga wa pazenera akhazikapo kaye mtsikana wina watsopano, "pongoyembekezera." Mpando umenewo ndinaupeza ndi thukuta. Wodutsa mumsewu amaona manja ako akuthamanga, n'kulowa.

Anandipatsa lalanje kuti ndisende. Ndinaona maso awo ali pa zala zanga. Ndinamuponyera mng'ono wanga, ndinati sindikufuna fungo lake m'manja. Ndimawadziwa Madamu. Kunali mnzathu wina wamkulu, katswiri wa mizere ing'onoing'ono, manja ake atayamba kuchedwa anamusuntha kuchoka pazenera kupita pakati, kuchoka pakati kupita kotsukira mitu, ndipo tsiku lina tinangoona kuti sakubweranso. Palibe anamuchotsa. Anangomutha pang'onopang'ono.

Madamu atapita, Aphunzitsi anati, "Mayi a saluni, fulasiki yanu ija imalowa m'mawa uliwonse, koma tiyi wake sindinamuonepo."

Ndinati ndi ya mankhwala.

"Ehe," anatero. Ana a sukulu ankavutika ndi mayi amenewa.

Lachisanu, 7 Juni

Tsiku loipa. Kutopa kwake ngati ndasenza nyumba. Popita ku bafa mapazi ngati ndikuponda timiyala, onse awiri. Chakudya sichikulowa.

Ndakhala ndikuganiza za azakhali anga. Zala zawo zinapindikira kumbali, zonse mbali imodzi, ndipo pomaliza tinkawamwetsa ndife. Anthu ankati ndi nyamakazi, ilibe mankhwala. Ndikuopa. Ndalemba, ndikuopa.

Loweruka, 8 Juni, madzulo

Ndilemba mopumira chifukwa nkhani ndi yaitali.

Kunagwa mvula yamphamvu m'mawa, minibasi ya mng'ono wanga inafera panjira. Ndinadikira, ndinadikira, fulasiki osaoneka. Ndinayesa madzi a pasinki, ozizira ngati a mufiriji, ndipo mpopewo ndinachita kutsegula ndi chigongono. Mpango unali pamapilo, ndikuuyang'ana, nawo ukundiyang'ana. Tiyi anabwera, kapu ndinalephera kuinyamula.

Loweruka dokotala wamkulu sabwera. Kunabwera dokotala wachitsikana, wamfupi, amene masiku ena amayenda kumbuyo ndi mafayilo, ndipo anafulumira kuposa masiku onse. Tsitsi lake analuka bwino, kungoti amene anamuluka anakoka kwambiri pamphumi, lidzathothoka. Anaona bondo, anati latsika pang'ono. Kenako anandipatsa kapu ya madzi ndi mapiritsi m'kachivindikiro kuti ndimwe ali pomwepo.

Ndinati ndimwa nthawi ina.

Ndipo Aphunzitsi, amene palibe anawafunsa, anati, "Adokotala, mufunseni mwana uyu zimene amachita kuseri kwa katani ndi fulasiki."

Ndinawayang'ana ndi diso limene ndimayang'ana nalo kasitomala wogwedeza mutu. Sanaphethire n'komwe. Anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma iwe wakhala pachitseko n'kuchitsamira. Tulutsa manjawo."

Ndinatulutsa.

Dokotala anakhala pabedi. Anati ndifumbate chibakera. Zala zinafika theka la njira n'kuima. Anayamba kudina mfundo za zala imodziimodzi, za pakati ndi za patsinde, kenako pamkono pamene timavala wotchi. Paliponse ndinkadumpha. Anati, "Mukuona? Zatupa, zikutentha, ndipo ndi malo omwewo kumanja ndi kumanzere." Anavundukula mapazi, anafinya pang'ono patsinde pa zala, ndinatsala pang'ono kumumenya.

"Kuuma kumeneku kumatha nthawi yanji?"

"Ndikaviika m'madzi otentha, mwina ola ndi kupitirira. Ndikapanda kuviika, mpaka dzuwa litakwera."

"M'mawa uliwonse?"

"Uliwonse."

"Ndiye mukayamba ntchito kumachepa, kapena kumawonjezeka?"

Ndinati kumachepa. Masana ndimaluka ngati kale, kungoti ndimatopa msanga. Anati apo ndi pamene pali nkhani. Manja otopa ndi ntchito amapweteka madzulo ukawagwiritsa ntchito, ukapuma amakhala bwino. Anga akuchita zosemphana, amauma akapuma. Anafunsa za kutopa, za kuchepa thupi, za kutentha thupi kobwerabwera. Zonse ndinali nazo. Ndinamuuza kuti kuchipatala chaching'ono ndinapitako kawiri, anandipatsa mapiritsi a ululu. Anafunsa kuti ndinkapita nthawi yanji. Ndinati madzulo, ndikaweruka. M'mawa ndikanavala bwanji?

Anaseka pang'ono, osati mondinyoza. "Ndiye kuti chaka chonse chino palibe dokotala amene anaonapo manja anu a m'mawa."

Ndinalira. Sindikonda kulira pagulu, koma zinangotuluka. Ndinamuuza za mpando wa pazenera ndi za azakhali. Anamvetsera zonse. Anati sangandilonjeze kanthu asanayeze, koma bondo ndi manja ndi mapazi akuganiza kuti ndi matenda amodzi. Pochoka anati, "Lolemba musaviike. Ndikufuna abwana anga awaone mmene ndawaonera ine."

Mng'ono wanga anafika atanyowa, fulasiki kukhwapa, akupepesa. Ndinati akhale pansi, wachita bwino kuchedwa. Anandiyang'ana ngati kutentha thupi kwandikwera m'mutu.

Aphunzitsi sindinawalankhule mpaka chakudya cha masana. Kenako anandikankhira nthochi.

Lamulungu, 9 Juni, masana

Kunabwera amuna anga ndi mpunga ndi supu. Munthu wosalankhulalankhula, amathera mawu ake pa mainjini a galimoto. Ndinawafotokozera zonse za dzulo. Ndinawauzanso kuti mphete ya ukwati ndinavula chifukwa chala chinatupa, osati chifukwa cha mankhwala a tsitsi monga ndinanenera.

Anapukuta manja pamawondo. Kenako anati, "Ine ndimaganiza kuti ndinakulakwirani."

"Miyezi yonseyi?"

"Ndimafufuza kuti ndi chiyani. Ndinapeza zingapo."

Aphunzitsi anaseka mpaka chiuno chinawapweteka, anesi anabwera kudzawadzudzula. Ndawauza amuna anga kuti zingapozo azisunge, tidzakambirana ndikachira.

Lolemba, 10 Juni, masana

Sindinaviike. Ndinalandira dokotala wamkulu ndi gulu lake lonse ndili wosamanga mpango, tsitsi lili nyankhalala, ine amene saluni yonse imandidziwa. Manyazi ake! Koma ndinaika manja pamwamba pa bulangete.

Anadina monga anadinira wachitsikana uja, anaitana ana ake kuti aone, aliyense adine. Anandifunsa chifukwa chake sindinanene tsiku loyamba. Ndinati anandifunsa manja atamasuka kale. Anati naye akanayenera kuwatulutsa pansi pa bulangete, ndiye tagawana mlandu.

Achotsa dripi, tizilombo mulibe ndithu. Atenga magazi ena oyeza mtundu wa nyamakazi, ndi oona ngati chiwindi ndi impso zili bwino. Andijambula mafupa a manja ndi mapazi, ndi chifuwa. Wojambula anati nditambasule zala pagalasi, ndinati bambo, zikanakhala zotambasuka sindikanabwera kuno.

Tsopano kudikira. Ndapempha mng'ono wanga abweretse chipeso chamano akuluakulu ndi mafuta. Mutu wa Aphunzitsi sindingathe kuuluka, koma ndamulangiza iyeyo mmene angamasulire zopiringizana, kuyambira kunsonga, osati kutsinde. Ali ndi manja a nkhwangwa mwana ameneyu, koma wayesetsa.

Lachiwiri, 11 Juni, masana

Ali ndi dzina matendawa. Ndalemba mmene ndamvera: rumatoyidi. Ndi mtundu umodzi wa nyamakazi, pakuti nyamakazi zilipo zambiri. Iyi si ya ukalamba, si ya ntchito, si ya madzi ozizira. Akuti chitetezo cha m'thupi, chimene chimayenera kulimbana ndi matenda, chimasokonezeka n'kuyamba kuukira molumikizira mafupa mwa mwini wake. Imakonda amayi. Imayambira m'zala ndi m'mapazi, mbali zonse ziwiri, n'kufika m'mawondo ndi kwina.

Dokotala wachitsikana anabweretsa zithunzi za mafupa, anazikweza kuwindo. Ndinaona manja anga opanda mnofu, zala zowongoka bwinobwino. Anandisonyeza m'mphepete mwa mfundo mmene matendawa amayambira kudya fupa. Anati, "Anu sanadyeke. Tawapeza nthawi ikadalipo."

Ndinafunsa funso limene ndakhala nalo chiyambire chaka. "Ndidzakhala ngati azakhali?"

Anati azakhali mwina anali ndi matenda omwewa, koma sanalandire mankhwala oletsa kuwonongeka kwa mafupa. Matendawa satheratu, ndidzakhala nawo, masiku ena adzandivuta. Koma ndikamamwa mankhwala mosadumphitsa ndi kubwera kudzayezetsa, anthu ambiri amapitiriza ntchito zawo.

"Ngakhale kuluka?"

"Ngakhale kuluka. Koma osati mitu yambiri patsiku osapuma."

Mtima unakhala pansi. Sindinadziwe kuti ndinali nditaunyamula pamwamba chonchi. Ndinamuuza kuti akadzamasula tsitsi lakelo abwere kwa ine, amene anamuluka akumuthera pamphumi. Anagwira pamphumi pake n'kuseka.

Mankhwala, ndilembe bwino:
Puledinisoloni, m'mawa uliwonse ndikadya. Ndi wozimitsa kutupa msanga, wa kanthawi chabe, azidzachepetsa pang'onopang'ono. Osasiya ndekha mwadzidzidzi.
Methotirekiseti, kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Wanena kawiri, nesi wanenanso. Ndasankha Lachitatu. Ameneyu ndiye woteteza mafupa, koma amachedwa kugwira, masabata angapo kapena miyezi.
Foliki asidi, tsiku lina losiyana, wochepetsa zovuta za mnzakeyo.
Mowa ayi. Mimba ayi ndili pa mankhwalawa. Kuyezetsa magazi pafupipafupi. Ndikaona zilonda m'kamwa, chifuwa chachilendo kapena kutentha thupi, ndibwere msanga.

Za mimba ndinati adokotala, mwana wanga womaliza ali ku sekondale. Anati amauza aliyense.

Aphunzitsi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati iwo anena zoona, koma nkhono ilibe makasitomala.

Lachitatu, 12 Juni, masana

Ndamwa wa pa sabata uja. Mseru pang'ono, osati kwambiri. Bondo latsika, ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde.

Kunabwera mayi wophunzitsa mafizo. Wandionetsa kutambasula ndi kupinda zala, kugwira chala chachikulu ndi chilichonse cha zinazo. Ndinamufunsa za madzi otentha, ndikuyembekezera kudzudzulidwa. Anati ndi abwino ndithu, ndizipitiriza, amathandiza. Cholakwika sichinali madzi. Anati ndikamapita kokaonana ndi dokotala ndizinena zoona za m'mawa, kuti manja anauma nthawi yaitali bwanji, chifukwa ndi mmene amadziwira ngati mankhwala akugwira.

Mng'ono wanga wandikalipira lero, koyamba chibadwire. "Achemwali, ine ndimanyamula fulasiki mvula ikugwa, kukuthandizani kubisa matenda? Mukanapunduka ndikanati chiyani kwa amayi?" Ndinamusiya akalipe, anali ndi ufulu.

Lachinayi, 13 Juni, masana

Ndawaimbira foni Madamu. Ndinaganiza kuti akamva kwa ena zikhala zoipa koposa. Ndawauza dzina la matenda, ndawauza kuti ndili pa mankhwala, kuti ndizidzayamba mochedwerapo m'mawa ndi kupuma pakati pa mutu ndi mutu, ndipo masiku ena ndizidzapita kuchipatala.

Anati kasitomala amene ndinamusiya theka uja anakana kuti mtsikana watsopano amumalize, akuyenda ndi mpango mpaka lero, akudikira ine. Za mpando wa pazenera sananene. Anangoti, "Bwerani tidzakambirane."

Ndimawadziwa "tidzakambirane" wa Madamu. Mwina pazenera sindidzabwererapo. Ndinadikira kuti mtima uwawe, unawawa pang'ono, n'kusiya. Sabata yatha ndinkaganiza kuti ndidzamwetsedwa ndi ana anga. Wondikhazika pakati andikhazike, bola chipeso chili m'manja mwanga.

Akuti mawa nditha kutuluka. Aphunzitsi atsala, fupa lawo likuchedwa. Atamva anati, "Zabwino zonse," n'kutembenukira kukhoma. Mwana wawo amakhala kutali, amabwera mwa apo ndi apo.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinadzuka anesi akuyeza kutentha thupi. Mwachizolowezi ndinayesa kupinda zala ndisanatsegule maso, kuti ndimve kuti lero zakana motani. Zinapinda. Osati mpaka kumapeto, ndipo kuwawa kunalipo, koma zinapinda. Ndinamanga batani la pakhosi ndekha. Ndikudziwa kuti ndi mankhwala a kanthawi aja, dokotala anandichenjeza kuti ndisadzitame msanga. Komabe ndinamanga, ndinamasula, ndinamanganso.

Ndinatenga chipeso ndi mafuta, ndinakokera mpando kumutu kwa bedi la Aphunzitsi.

"Dzukani, kasitomala."

"Iwe, manja akowo."

"Khalani mowongoka, mudzapindika msana."

Nesi anatithandiza kuwakweza pamapilo. Ndinagawa tsitsi, mizere ikuluikulu yopita kumbuyo, yoti azigona nayo osapiringizananso. Ndinkaluka pang'onopang'ono, ndikamaliza mzere ndipume, nditambasule zala monga anandiphunzitsira. Mzere woyamba unakhota. Ku saluni ndikanaumasula. Ndinausiya. Amayi a mabedi ena anadzuka kudzaonerera, wina anayamba kale kufunsa ngati ndingamuchitenso iye.

Aphunzitsi anali chete nthawi yonseyo, chinthu chosachitika. Ndinawafunsa ngati ndikukoka. Anati ayi. Anati chigonekedwere muno, aliyense amawagwira kuti awatembenuze kapena awabaye. Ndinapitiriza kuluka.

Mng'ono wanga analowa ndi fulasiki ndi beseni, anaima pakati pa wodi, akuyang'ana manja anga ali m'tsitsi loyera lija.

"Achemwali, nanga madziwa nditani nawo?"

Aphunzitsi anayankha osatembenuza mutu, pakuti ndinali nditawagwira. "Thiramo masamba, mwana wanga. Fulasiki imeneyo ndaidikira nthawi yaitali."

Tamwa tiyi atatu. Kapu ndinanyamula ndi dzanja limodzi. Mpango ndamanga, katundu ali m'chikwama, ndikudikira kalata yotulukira. Madokotala sanadutsebe, ndipo izi ndalemba m'mawa, koyamba chibwerere muno.